Chule wa labala akamakukanikani: pamene pagona vuto ndi makonzedwe ake

Dzuwa la mu Okutobala likangoyamba kufunditsa madzi kuno ku KwaZulu-Natal, udzu n'kuyamba kuyalana m'magombe a damu la Albert Falls, madandaulo a anzanga amene timawedza limodzi amakhala omwewo a chaka chatha. Wina akuti chule wake akumira. Wina akuti nsomba zamenya kasanu koma sanavuule ngakhale imodzi. Winanso wagula kale achule anayi, ndipo akuganiza kuti wachisanu ndiye adzamuyanja. Ndaona kuti ndingolemba zonse pamodzi, chifukwa mavutowa ndi owerengeka, ndipo ambiri amatha musanatulutse ndalama ina m'thumba.

Kwa amene simunamugwirepo: chuleyu ndi nyambo yochita kupanga, ya labala wofewa, m'kati mwake muli mpweya wokhawokha. Mbedza zake ziwiri zimaloza kumwamba ndipo zimagona mokhudza thupi lake, n'chifukwa chake amatsetsereka pamwamba pa kakombo, ndere ndi namasupuni osakola kanthu. Kumimba kuli kachitsulo kolemera komupangitsa kuti azigwa chafufumimba. Nsomba ikamuluma thupi limafinyika, mbedza n'kutulukira. Nyamboyi kwawo ndi ku America, kumene anaipangira nsomba yotchedwa largemouth bass. Nsombayi inabwera ku South Africa mu 1928, kenako inafika ku Zimbabwe, ndiye ife olankhula Chichewa okhala m'mayikowa timakumana nayo ku Albert Falls, ku Inanda, ku Darwendale, ku Chivero ndi ku Mutirikwi. Mlamba nawonso, womwe uja wa kwathu, umamenya chule ukamuona akusambira pamadzi osaya.

## Yambani mwadziwa chule amene muli naye

Madandaulo ena amabwera chifukwa munthu akufuna kuti chule agwire ntchito imene sanamupangire.

- Wamphuno yosongoka: uyu ndi wa mu udzu wothithikana, amadutsa osanyamula zinyalala.
- Wakukamwa kokumbika ngati supuni, amene m'sitolo amalemba kuti popping frog: amalavula madzi n'kumapanga phokoso. Ndi wa m'mphepete mwa udzu ndi pamadzi oyera. Mukamulowetsa mu ndere, kukamwako kumakokolola zonse.
- Wopanda mpweya m'kati, amene amati toad: mumamuveka nokha pa mbedza imodzi yaikulu ya 4/0 kapena 5/0. Miyendo yake imapalasa mukamakoka, mukangosiya amamira. Kumira kwa uyu si vuto, ndi mmene alili.

Chule wa tsiku ndi tsiku amalemera magalamu 14 mpaka 18, pa paketi amalemba 1/2 oz kapena 5/8 oz, ndipo kutalika kwake ndi mamilimita 55 mpaka 65. Ngati mukugula mmodzi yekha, gulani wamphuno yosongoka wa msinkhu umenewu, ndipo mumufinye ndi zala muli m'sitolo momwemo. Akakhala wouma ngati chidendene cha nsapato, mubwezereni pa shelefu.

## Nsomba ikumenya koma sikukodwa

Apa ndi pamene pagona madandaulo ochuluka, ndipo ndikhalapo nthawi.

1. Mukukoka msanga. Ichi ndiye chifukwa chachikulu kuposa zonse. Madzi akati khuvu pamaso panu, dzanja limadzuka lokha mutu usanaganize. Koma kuthovoka kwa madziko sikutanthauza kuti chule ali m'kamwa. Nthawi zina bass amayamba wamumenya ndi mutu kuti amufoole, nthawi zina amameza chule pamodzi ndi mtolo wa ndere, ndipo amafunika kamphindi kuti atseke kukamwa n'kutembenukira pansi. Mukakoka pa phokoso, mumamulanda chakudya chisanafike pakhosi.

Tsiku lina m'mawa ndinali ndi mphwanga pa gombe, dzuwa lisanatuluke bwino, nkhungu ili yalale pamadzi. Anaponya chule woyera pakati pa zitsamba ziwiri za bango. Atangomugwedeza kawiri, madzi anati phwaa, iye n'kudzutsa ndodo, chule n'kubwera mouluka kudzadutsa pafupi ndi khutu lake. Zinachitika katatu. Ndinamuuza kuti, "Mphwanga, ukaponyanso, yang'ana nsonga ya ndodo, usayang'ane chule." Iye anati, "Nanga ndidziwa bwanji kuti yadya, achimwene?" Ndinati dzanja likuuza. Ataponya kachinayi anamva phokoso koma sanasunthe, chingwe chinayamba kuyenda chokha kulowera kumanzere, ndodo inalemera, ndipo m'pamene anadzutsa. Nsomba ija anaivuula.

Chochita:
- Madzi akathovoka, tsitsani nsonga ya ndodo pang'ono, muone ngati chule wasowadi pamwamba.
- Kulungani chingwe chokhwepa mpaka mumve kulemera. Ena amawerenga "wani, thuu" mumtima, zimathandiza.
- Mukamva kulemera, dzutsani ndodo molunjika kumwamba, mwamphamvu, kamodzi. Osakokera chammbali, chifukwa mbedza za chule zimaloza kumwamba ndipo zimafuna denga la kukamwa.
- Ngati chule akadali pamwamba, musamuchotse. Musiyeni ali phee, kenako mumugwedeze pang'ono. Kawirikawiri nsomba imabwereranso.

2. Chingwe chanu chimatamuka. Chingwe cha nayiloni chimatamuka ngati legeni, ndipo pa mtunda wa mamita 20 mphamvu ya dzanja lanu imathera m'njira, mbedza ziwiri zonenepa sizilowa. China chotchedwa fluorocarbon chimamira, n'kumakokera mphuno ya chule pansi. Chofunika ndi braid, chingwe choluka chosatamuka, ya 50 mpaka 65 lb, kutanthauza yopirira kukoka kwa makilogalamu 23 mpaka 30, yomangidwa molunjika pa chule popanda kulumikiza china. Musaope kuti nsomba ichiona. Mu udzu, chingwe chimaoneka ngati udzu womwewo.

3. Ndodo ndi yofewa. Yesani chonchi: kolani chule pa mpanda, mubwerere mamita 10, mudzutse ndodo pang'onopang'ono. Ikapindika mpaka pafupi ndi chogwirira, ndi yofewa. Mukufuna ya mamita 2.1 mpaka 2.3, yolembedwa heavy, yolimba msana koma yofewa pang'ono kunsonga kuti iziponya bwino.

4. Mbedza zagona kwambiri pa thupi kapena zabuntha. Yendetsani chala pa msana wa chule kuchokera kumutu kupita kumiyendo, mosamala. Tsono finyani thupi pang'ono: nsonga zonse ziwiri ziyenera kutulukira nthawi yomweyo. Ngati zikubisala, tengani pulayala, mugwire mbedza iliyonse pamene yapindikira, muikankhire kunja ndi kumwamba pang'ono chabe, milimita imodzi kapena awiri. Mukapitirira, chule ayamba kukola udzu uliwonse. Kuthwa kwake yesani pa chikhadabo: mbedza yakuthwa imakanda n'kuima, yobuntha imatsetsereka. Inoleni ndi katupa kakang'ono.

5. Thupi ndi louma. Muviikeni m'madzi owira kwa masekondi 20 kapena 30, mumuvuule ndi supuni, azizire. Labala amafewerapo. Musamusiye nthawi yaitali, angapotoke.

6. Miyendo ndi yaitali. Nsomba imagwira zingwe za kumbuyo osafika pa mbedza. Dulani masentimita awiri ndi sizasi.

7. Nsombayo ndi yaing'ono. Nthawi zina palibe cholakwika. Kabass kotalika ngati chikhatho kamamenya chule amene sikangathe kumumeza. Ine ndimakhala ndi ndodo yachiwiri yokhala ndi nyongolotsi ya pulasitiki yopanda mtovu. Nsomba ikaphonya chule, ndimaponya nyongolotsiyo pa dzenje lomwelo limene yaboola mu ndere, n'kuisiya imire yokha.

## Yakodwa koma yapulumukira mu udzu

Izi zimapweteka kuposa kuphonya, chifukwa mwaimva kale kulemera kwake.

1. Mwaipatsa mpata wolowa pansi. Bass akangokodwa amathamangira m'mizu ya udzu, n'kukulunga chingwe, n'kupeza popotokolera mbedza. Masekondi oyamba ndi amene amagamula nkhani. Ndodo ikhale m'mwamba, mutu wa nsomba uloze kwa inu, ndipo musaleke kukulunga. Cholinga n'choti itsetsereke pamwamba pa udzu, isadutse pansi pake.

2. Drag ndi yomasuka. Drag ndi buleki ya pa reel (chipangizo chokulungira chingwe) imene imalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Kokani chingwe ndi dzanja, mutakulunga kansalu. Chikamatuluka mosavuta, mangani. Pa chule, drag imafunika kukhala pafupifupi yotsekeratu.

3. Reel ikuchedwa. Nsomba ikathamangira kwa inu, chingwe chimakhwepa, mbedza n'kusololoka. Reel ya 7:1, yokulunga chingwe kasanu ndi kawiri mukazunguliza chogwirira kamodzi, kapena kuposerapo imachitola msanga.

4. Braid ikuzungulira pa spool, kachitsulo ka mu reel kokulungapo chingwe. Mukukulunga koma palibe chikubwera, ngakhale drag mwamanga. Braid ndi yoterera, siluma chitsulo. Chotsani chingwe chonse, muyambe mwakulunga mamita ochepa a nayiloni kapena tepi yakuda ya magetsi, kenako mubwezere braid molimba.

Ikati yalowa ndithu mu udzu n'kuuma ngati chitsa, musagwedeze ndodo mwaukali. Gwirani chingwe chili chokungika, mudikire. Ngati muli pa boti, pitani komweko mukaitole ndi udzu womwe. Nthawi zambiri imakhala ikadali pomwepo, yafundidwa ndi ndere ngati mwana m'bulangete.

## Chule akumira kapena akugwa chagada

1. Madzi alowa. Chule aliyense wa mpweya amamwa madzi pang'onopang'ono, polowera mbedza kapena pamphuno. Mufinyeni mukaponya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, madzi atuluke. Ngati akudzaza pa kuponya kumodzi, pali pong'ambika.

2. Pamphuno pang'ambika. Yang'anani pamene pali mphete yomangapo chingwe. Pukutani paume, mudonthezepo supaguluu dontho limodzi. Koma dzenje la pansi, potulukira mbedza, musalitseke lonse. Mpweya umafunika pothawira nsomba ikaluma. Mukatseka ponse, chule amakhala ngati mpira wopopedwa, samafinyika, ndipo mubwerera ku vuto loyamba lija.

3. Thupi lapotoka pa mbedza. Zimachitika nsomba ikamutafuna. Mukankhireni m'malo mwake, mbedza zonse zikhale molingana mbali ziwiri za msana.

4. Kachitsulo ka kumimba kasuntha kapena kagwa. Mutembenuzeni muone. Kakasuntha, kabwezereni n'kumata. Kakagwa n'kutayika, chuleyo watha ntchito, sungani mbedza zake zokha.

5. Mwamangirira zitsulo zolumikizira kumphuno. Zimalemeretsa mutu. Chotsani, mumange chingwe pa mphete yake.

## Akubwera mowongoka, sakukhotakhota

Chule wabwino amayenera kutembenuza mutu kumanja, kumanzere, kumanja, asakusuntha kwambiri pamalo. Kayendedwe aka ndi kamene kamautsa nsomba yogona pansi pa kakombo.

Chifukwa choyamba ndi chingwe chokungika. Lozetsani nsonga ya ndodo kumadzi, mugwedeze ndi dzanja lokha, osati mkono wonse, ndipo mukangogwedeza bwezerani nsongayo kumene kuli chule kuti chingwe chikhwepe. Kukhwepako ndi kumene kumamupatsa mpata wotembenuka. Reel ingotola pang'ono chabe, kotala ya kuzungulira pa kugwedeza kulikonse. Phunzirirani pamadzi oyera pamene mukumuona bwino, osati tsiku limene nsomba zikudya.

Zikakanikabe, dulani miyendo, mwendo umodzi ufupike ndi sentimita imodzi kuposa unzake. Onaninso ngati mulibe madzi m'mimba. Ndipo pa ndere yothithikana ngati mphasa musavutike n'kumukhotetsa: ingomukokani pang'ono, muime, mukokenso, nsomba ili pansi imaona chithunzi ndi kugwedezeka kwa ndereyo basi.

## Mwaponya m'mawa wonse, palibe chomenya

1. Madzi ndi ozizira. Mu Juni ndi Julayi bass amatsikira kozama ndipo sakonda kukwera pamwamba. Chule amayamba kugwira bwino madzi akapitirira madigiri 16 mpaka 18, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa nyengo yake yeniyeni ndi kuyambira Okutobala mpaka cha mu Epulo.

2. Malo ndi olakwika. Udzu wonse sufanana. Funani pamene pali chosiyana: dzenje pakati pa ndere, pokumana bango ndi kakombo, chitsa chomira, mthunzi wa mtengo wowerama, kangalande kolowa mu udzu. Tcherani khutu. Udzu wamoyo umamveka timaphokoso ta tinsomba tikudya kunsi kwake. Wofiirira, wonunkha chivundi, uli zii, upitirireni.

3. Mukuthamanga. Chule akagwa, musiyeni mpaka timafunde tithe. Pa dzenje lililonse muimitseni masekondi asanu, ngakhale khumi. Nsomba zazikulu zambiri zimene ndagwira zinamenya chule ataima.

4. Akugwa ndi chiphokoso. Pamadzi osaya, chubwi wamkulu amabalalitsa nsomba. Ponyani pa gombe kapena pa tsamba la kakombo, mumutsetserekere m'madzi mwakachetechete, mmene chule weniweni amalowera.

5. Nthawi ndi mphepo. M'bandakucha, chakumadzulo ndi tsiku la mitambo, nsomba zimatuluka kumphepete kwa udzu. Dzuwa likakhala paliwombo zimabisala pansi pa udzu wothithikana, ndipo m'pamene muyenera kuponya. Mphepo ikautsa mafunde, wamphuno yosongoka samveka, sinthani muike wakukamwa kokumbika.

6. Mtundu. Ndauika kumapeto mwadala. Mawanga okongola a pamsana amakopa wogula, nsomba imaona mimba. Woyera kumimba mmodzi, wakuda mmodzi, wachikasu kapena wobiriwira mmodzi, zakwana. Wakuda ndi wa madzi amatope ndi nthawi ya chisisira, woyera ndi wa pamene bass akuthamangitsa tinsomba.

## Chingwe chikuduka kapena kupiringizana

- Chaduka pa mfundo, kumapeto kwatsala kopotanapotana: mfundo yasololoka. Braid imafuna mfundo yotchedwa Palomar. Inyowetseni musanakoke, musiye kamchira ka mamilimita atatu.
- Chachita ubweya pafupi ndi chule: bango ndi mitengo zachipala. Dulani mita imodzi, mumangenso. Chitani izi mukagwira nsomba iliyonse ya mu udzu.
- Chikuduka pakati popanda chifukwa: mphete ina ya ndodo yang'aluka. Pisani kathonje m'mphete iliyonse n'kuzunguliza. Pamene thonje lakodwa, m'pamene pali vuto. Yambani ndi ya kunsonga.
- Mukaponya, chule akuima mwadzidzidzi m'malere: chingwe chadzilowerera pa spool, makamaka mukangotha kulimbana ndi nsomba kapena kukoka chokola. Sololani mamita angapo ndi dzanja musanaponyenso.
- Chikupiringizana pa reel: mangani mabuleki pang'ono, chala chachikulu chikhudze spool chule asanagwe pamadzi, ndipo pewani kuponya molimbana ndi mphepo.

Chule akakola pa mtengo, musakoke ndi ndodo, ithyoka. Musakulungenso braid pa dzanja, imacheka mnofu ngati lezala. Ikulungeni pa kamtengo, mutembenuze nkhope kumbali, mukoke. Chule akamasuka amabwera ngati mwala wa pa legeni, n'chifukwa chake magalasi ndi chipewa sizichoka pa ine ndikamawedza.

Kunyumba, mufinyeni madzi onse, aume asanalowe m'bokosi, apo ayi mbedza zichita dzimbiri m'kati mosaoneka. Musamusakanize ndi nyambo zina za pulasitiki wofewa, zina zimasungunulana, ndipo musasiye bokosi m'galimoto padzuwa.

Za mlamba ndinene mwachidule. Kukamwa kwake n'kwakukulu koma maso ndi aang'ono, umatsata kugwedezeka kwa madzi, ndiye umaphonya kawirikawiri. Chepetsani liwiro, mudikire nthawi yotalikirapo kuposa ya bass musanadzutse ndodo. Kumene kuli mcheni wa mu Zambezi, chule wa labala musamuponye n'komwe, mano ake amamung'amba pa kuluma kumodzi.

## Pamene muyenera kusiya n'kufuna odziwa

Pitani kuchipatala, osayesa kuzula nokha, ngati:
- mbedza yalowa m'diso, pachikope, pankhope, pakhosi kapena pakhutu. Musaigwedeze. Dulani chingwe, muphimbe malowo ndi kapu yoyera kuti pasakhudzidwe, munyamuke;
- yalowa mozama pa mfundo ya chala, kapena chala chachita dzanzi kapena chakanika kupindika;
- magazi sakuleka, kapena wobayidwayo ndi mwana;
- bala la mbedza kapena la minga ya mlamba latupa, lafiira, likutentha kapena likutuluka mafinya;
- simukukumbuka pamene munabayitsa katemera wa kafumbata.

Mbedza za chule ndi zonenepa ndipo zili ziwiri, si zofanana ndi timbedza ta utaka. Ina ikalowa, inzake imakhala ikudikira chala cha amene akukuthandizani. Ngati mumalowa m'madzi a udzu ndi miyendo, kumbukiraninso kuti nkhono zofalitsa likodzo zimakonda malo omwewo amene bass amakonda. Mukaona magazi mumkodzo, kapena kutentha thupi patapita masabata angapo, kayezetseni.

Pitani kwa okonza zida zowedzera ngati:
- reel ikulira ngati muli mchenga ngakhale mwaipukuta n'kuthira mafuta, kapena chogwirira chikubwerera m'mbuyo;
- drag ikugwira modukizadukiza;
- mphete ya pakati pa ndodo yang'aluka, kapena ndodo yachita mng'alu. Ya kunsonga mutha kusintha nokha ndi guluu, koma zinazo zimafuna womanga ndi ulusi. M'kati mwa reel muli tizitsulo ndi timasipuling'i tating'ono kwambiri, mukatsegulira pa gombe simutipezanso.

Longedzani muchoke pamadzi ngati:
- kwayamba kugunda. Ndodo ya graphite imadutsitsa magetsi a mphezi, ndipo mvula ya masana m'chilimwe imabwera mofulumira. Gonekani ndodoyo pansi, mupite kugalimoto;
- mwaona ng'ona, mapazi ake kapena pamene inakhwekhwereza mimba pamatope, kapena mwamva mvuu. Chule wokola pa bango musamulowerere m'madzi oterewa. Dulani chingwe.

Chilolezo chowedzera funsani ku ofesi yoyang'anira damu limene mukupita, chifukwa malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo, dziko ndi dziko. Pali chinanso chimene anzanga ena amandifunsa akamakonzekera ulendo wa kumudzi: ngati angatenge tiana ta bass m'chigubu kukathira m'dziwe la kwawo. Yankho langa ndi ayi. Nsombayi imadya nsomba zinzake, ndipo m'mitsinje ina ya ku Western Cape inatha tinsomba ta komweko. Ku South Africa kuisamutsa popanda chilolezo n'kulakwira lamulo. Madzi a m'dziwe la kumudzi amasefukira mumtsinje nthawi ya dzinja, mtsinjewo n'kukathira kumene kuli chambo, makumba ndi matemba. Amene akufuna kuweta nsomba akaonane ndi alangizi a za usodzi a m'boma lawo. Chule yekhayo mutha kumutenga m'chikwama, milamba ya m'madambo a kwathu ikamulandira.